Mpando wa ku Blantyre

Lachinayi, mwezi wa Juni. Mawawa tsiku lonse, kuzizira chomene.

Dziko lonse limve: lero ine, mwini digiri ya zachuma, ndagula mpando.

Che Amidu, ogulitsa mipando m'tauni, anausisita ngati khanda. "Uwu ngwa ku Blantyre, achimwene, osati zokhomakhoma za ku Mchengautuwa kwathu kuno." Ndinafunsa kochokera matabwa ake. "Ku Chikangawa konkuno," anatero, osaphethira n'komwe.

Ndiye kuti mtengo wathu unakwera lole, unakaphunzira umpando kumwera, n'kubwerako utadzola vanishi. Ntchito inatsala komweko, ife anatisiyira zitsa ndi utuchi. Kumpoto kuno timadzala mitengo, timaphunzitsa ana, zikakhwima timakweza zonse pa lole.

Tamara, mkazi wanga, anadzera msewu womwewo, poti ntchito ya maphunziro ake kuno kulibe. Ankati ndi miyezi yochepa chabe. Ndamuimbira kuti tiwaseke limodzi Che Amidu. Wati ali pamzere wa minibasi, aimbanso.

Mpando ndauika pawindo, pomwe ankakonda kuothera dzuwa. Ine ndakhala pa wakale wogwedera uja. Kunena zoona, sindinagulire ine mpandowu. Matabwa amabwerako, koma Tamara...