Duwa Limene Ndinalinamizira Chigwa

Timia, 9 Epulo 1988

Okondedwa achimwene Ghissa,

Ndikhulupirira kuti fumbi la ku mgodi silinakufooleni. Kuno tili moyo, koma ndikulemba ndili ndi mkwiyo.

Mwamva kale kuti mbuzi zanu anazithamangitsa m'chigwa cha Tasselot. Anthu a boma anabwera pa galimoto n'kupaka miyala utoto woyera, ati chigwacho tsopano n'chosungira duwa losowa. Akazi anu, alamu anga a Ghaicha, anawafunsa kuti, "Duwa lake liti? Ine ndakalambira muno, ndimangoona minga." Iwo anangowaonetsa mapu okhala ndi kadontho kofiira. Mbuzi makumi atatu kugona ndi njala chifukwa cha kadontho, achimwene.

Tsono zimene simunamve ndi izi. Mukukumbukira kaduwa kofiirira kaja amayi ankathyola pamwamba pa phiri, pakasupe wa m'matanthwe, kophikira azimayi amene angochira kumene? Zaka zitatu zapitazo kunabwera mayi wofufuza zomera wochokera ku Niamey. Anali waulemu, tiyi wathu ankamwa makapu onse atatu monga mwa mwambo wathu. Ndinamubweretsera kaduwa kamodzi, ndi mizu yomwe. Anakapanikiza pakati pa manyuzipepala ndi matabwa, n'kufunsa kumene ndinakazula kuti alembe. Paja amayi anatilumbiritsa kuti malo aja sauza mlendo, ndiye ndinangotchula chigwa chimene chinandibwerera pakamwa. Ndinatchula Tasselot.

Nditaona miyala yoyera ija ndinakwera lole kupita ku ofesi ya anthu a boma aja m'tauni. Ndinati, "Bwana, ndinanama ndine. Ku Tasselot kulibe duwa limenelo."

Bwanayo anaseka. "Mayi, duwalo lili m'kabati ku Niamey, louma bwinobwino, lomata papepala, nambala ndi chidindo chomwe. Pepala likuti Tasselot."

"Pepalalo linamva kwa ine."

"Ndiye timve ziti, za tsiku lija kapena za lero pamene mbuzi zili ndi njala? Tiperekezeni kumene lili, tikaone."

"Kuti mukapakenso utoto?"

Anangoitana wotsatira. Munthu woti sanakwerepo ngakhale chulu akundiuza ine kumene duwa limamera m'phiri lathu. Mawu anga omwewo anali oona pamene ndinkanama, lero ndikunena zoona asanduka bodza. Ndinatuluka osatsanzika, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Mvula sinagwe. Mbuzi zinayi zinafa, zotsalazo mkaka unayamba kuuma. Msipu unatsala malo amodzi okha, ndipo inu mukuwadziwa. Ndinazikweza ndekha masiku awiri mpaka pakasupe wa amayi. Zinadya zonse, mpaka kufukula mizu, ine ndili chiimire. Sindikudziwa ngati kaduwako kadzaphukanso. Kamene katsala ndi kaja ka m'kabati, kokhala ndi bodza langa pansi pake.

Alamu sindinawauze. M'mawa uliwonse amandibweretsera chikho cha mkaka pondithokoza kuti ndinapulumutsa mbuzi. Mukamawalembera muwauze ndinu, kapena ndilamuleni ndiwauze ndekha, ndidzamvera.

Alamu akupereka moni. Ana onse akupereka moni, ndipo akuti muwatumizire shuga ndi tiyi. Mwana wanu wamkulu Tekna ali bwino, miyendo yokha ndiyo yatupa, akuyembekezera kuchira mwezi wa mawa. Dzulo anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Azakhali, duwa la agogo lija mwandisungira?" Ndinamuuza kuti ndikayang'ana.

Ine mlongo wanu,
Tinalbarka