Mfundo za Pampango Wanu

Amayi anga,

Pepani kuti ndikukuvutitsani pamene mukupuma. Kaya kumeneko mukukhala bwanji? Ndikadakhala ndi wina womuuza zimenezi, sindikadakusokonezani.

Ndiyambe ndi zabwino. Achemwali anabereka mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Chimanga cha kumunda wa kudambo akuti chinachita bwino, koma mtedza unapsa ndi dzuwa. Ine ndikadali pantchito ya m'nyumba ija ku Lynnwood, kugona ndimagona ku Sunnyside ndi anzanga awiri.

Tsopano ndiulule. Titachoka kumanda ndinatenga mpango wanu wobiriwira uja, umene munkamangapo mfundo ya munthu aliyense amene mukumupempherera, n'kumasula Mulungu akayankha. Panali patatsala mfundo imodzi, ndipo sindinadziwe kuti inali ya yani. Lachiwiri lapitali ndinauchapa kuntchito. Pofuna kuti usitike bwino, ndinamasula mfundoyo. Simbi isanazizire n'komwe, foni inalira. Akuti Achimwene Limbani anagwa mumtengo umene ankasadza ku Garsfontein, mumzinda womwe uno. Ali m'chipatala, sakutsegula maso.

Pomwepo ndinadziwa kuti mfundoyo inali yawo. Paja anakulalatirani pamaso pa anthu, ndipo ngakhale kumaliro anu sanabwere. Atakulalatirani, inu munangomanga mfundo.

Ndinaimanganso katatu, ndi mano omwe. Nthawi zonse ndikatsegula chikwama chimene ndimasungamo mpangowo ndimapeza yamasuka.

Mukudziwa mmene ndilili, Amayi. Ngakhale madzi akumwa ndimachita manyazi kupempha. Pemphero langa limathera pa kunena kuti Ambuye achite zimene akufuna. Inu munkavula nsapato, kugwada, kutsokomola kawiri ngati munthu woodira pakhomo la eni, kenaka n'kuyamba kukambirana naye Mulungu, mopepesa koma osabwerera m'mbuyo. Munkatiuza za Abrahamu akuchonderera Sodomu, kuyambira pa anthu olungama makumi asanu, n'kumatsitsa mpaka khumi. Munkati, "Abrahamu analekera pa khumi chifukwa sanali mayi."

Dzulo masana eni nyumba atachoka, ndinavula nsapato m'chipinda chochapira zovala. Ndinavomera kuti ndine fumbi chabe. Ndinapempha kuti ngati mwa Achimwene mungapezeke zabwino khumi, awaleke akhale moyo. Nditawerenga pazala, sizinakwane. Ndinapepesa, n'kutsikira pa zisanu. Nazonso sizinakwane, ndipo kunama sindikanatha. Ndinapempha Mulungu kuti asandikwiyire, ndiyankhulenso kamodzi. Ndinatchula tsiku lija anakukwezani panjinga mvula ikugwa, kupita nanu kuchipatala, iwo malaya atakufunditsani inu. Ndinamuuza Mulungu kuti pa chimodzi chimenechi sindichokapo.

Makina ochapira anaima okha, madzi ali momwemo, magetsi osazima. Galu wa abwana, amene amauwa mlendo aliyense, anafika pakhomo, n'kuyang'ana pamwamba pa phewa langa, n'kugona pansi. Kenaka kumbuyo kwanga munthu anatsokomola kawiri.

Sindinatembenuke, Amayi. Mundikhululukire.

Makina atayambanso kuzungulira ndinatsegula chikwama. Mfundo inali yomangika, yopendekera kumanzere, mmene inu munkamangira ndi dzanja lanu lamanzere lija. Nditaweruka ndinapita kuchipatala. Achimwene anandifinya chala. Anamwino akuti tisafulumire kusangalala, komabe anandifinya.

Chimene chikundivuta ndi ichi. Mfundo zija tsopano zilipo ziwiri. Yachiwiriyo ndi yaing'ono, yothina kwambiri, ili kumapeto kwenikweni kwa mpango. Ndawaimbira Achemwali, akuti khanda likuyamwa bwino. Ine sindikumva kupweteka pena paliponse. Lero powoloka msewu ndinayang'ana mbali zonse katatu.

Ndikulonjeza kuti mpangowu sindidzauchapanso, ndipo masana aliwonse ndizigwadira mfundo zonse ziwiri. Koma munthu amachonderera bwino akadziwa dzina. Chonde mundiyankhe msanga kuti yachiwiriyo ndi ya yani. Mukadzatsokomolanso, ndidzatembenuka.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati