Kudyetsa Madzi Opanda Nsomba

Lolemba, 3 Malichi
M'mawa, mvula ikuwaza. Thanki yagalasi imene abwana ankafuna kutaya ili pano pabalaza. Madzi, timiyala, kamakina kosefa madzi. Nsomba mulibe. Bambo ogulitsa nsomba andikaniza: "Mukaika lero, Lachisanu maliro." Akuti ndiyambe ndaweta tizilombo tosaoneka m'siponji ya kamakinako, todya zoipa za m'madzi. Ndiye tsiku lililonse kachakudya pang'ono m'thanki yopanda kanthu.
Kansomba kanga ndasankha kale. Kofiira, koduka mchira. Sindinanene, ndinangokaloza. Andisungira mpaka kutha kwa Epulo basi.

Lachiwiri, 11 Malichi
Achimwene: "Nsomba zako zanenepa, mpaka sizikuoneka." Ndinakasekera kukhitchini.
Kuyeza madzi: madontho m'timabotolo tiwiri. Kena kayenera kukhala kachikasu, kena kabuluu. Sizinafike.

Lachinayi, 27 Malichi
Kabotolo koyamba kasanduka kachikasu. Siponji yada bii, ndiye kuti alendo anga afika. Ndatseka chitseko, ndavina ndekha.

Lachisanu, 28 Malichi
Pobwera kuntchito, siponji ili pachingwe, yoyera mbee. Amayi achapa ndi sopo. "Nyansi m'nyumba mwanga ayi." Masabata anayi apita ndi thovu. Ndinangoti zikomo.

Loweruka, 29 Malichi
Bambo ogulitsa nsomba aja anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anandipatsa siponji yakale ya m'thanki yawo, m'kajumbo ka madzi. "Koma amayi anu muwauze, apo ayi achapanso iyi."
Ndabwera nayo kunyumba.
Ndawauza. Nditagwada. Ndati litsiro ili ndi lamoyo, ndipo ndi langa. Amayi anangoti: "Kani umalankhula."

Loweruka, 19 Epulo
Kachikasu, kabuluu, masiku atatu otsatizana. Koduka mchira kafika masana. Kanazungulira kawiri, n'kukabisala kuseri kwa mwala. Achimwene akuti katengera mwini wake.
Amayi akokera mpando pafupi ndi thanki, kansalu kopukutira kali m'manja, sakupukuta chilichonse. Achimwene atangotambasula dzanja, ndawamva amayi: "Iwe, siponji ya mwana wanga usaikhudze."
Ndikulekera pano, Loweruka, folo koloko madzulo. Amayi akuitana chonong'ona. Akuti katuluka.