Matambula a Apongozi ndi Madzi a ku Køge

Lolemba, 22 Epulo

Lamulungu likudzali mwana wanga Alberte alandira ulimbitso kutchalitchi, phwando pakhomo pano. Apongozi, mayi Ingelise, atibwereka matambula awo a pa ukwati. Ati kwa mkazi wanga, "Gitte, umuuze msodzi wakoyo atsuke pamanja." Ine ndili pompo! Chikwatirireni mwana wawo, dzina langa sanalitchulepo.

Pamanja? Ine Preben, amene ndinkakwecha sitima yathunthu kwathu ku Hvide Sande khofi asanazizire? Atangotuluka, onse ndaponya m'makina otsukira mbale.

Lachiwiri, 23 Epulo

Mayo ine. Matambula atuluka ali mbuu, ngati munagona mkaka. Ndabisa m'galaja.

Lachitatu, 24 Epulo

Ndabwereza, sopo wokwanira kuchapa ng'ombe. Zanyanyira.

Flemming, neba wanga, wasuzumira pampanda. "Akulu, mchere munathira liti m'makinamo?"

"Mchere? Yasanduka nsomba?"

Waseka mpaka kutsokomola. Akuti kwathu kumadzulo madzi ndi ofewa, koma a kuno ku Køge ndi laimu yekhayekha, ndiye makina ali ndi kachibowo kake pansi kothiramo mchere wofewetsa madzi. Chisamukireni kuno sindinakatsegulepo. Ndamuuza kuti ndimadziwa, ndimangomuyesa.

Lachinayi, 25 Epulo

Kachibowo kalipodi. Ndadzaza mchere wa mibulumibulu. Timabowo topopera madzi tonse tatsekeka ndi laimu, ndatokosa ndi mbedza. Zimene zatulukamo mutha kumangira tchalitchi china.

Mbale tsopano waliwali. Matambula ayi, ali chimodzimodzi. Sindigonja. Nyanja inandilephera, ndiye kuli bwanji madzi a pampopi?

Lachisanu, 26 Epulo

Alberte wawapeza matambula aja m'galaja pofuna njinga. Sanaseke.

"Adadi, agogo akaona izi, tsiku langa lonse lithera mkangano wa inu awiri."

Ndati, "Mwana wanga, Lamulungu anthu adzavala magalasi a dzuwa poopa kuwala kwa matambulawa." Wangondiyang'ana n'kutuluka. Nthabwala yandiuma pakamwa.

Loweruka, 27 Epulo

Viniga! Nzeru yanga, ngakhale Flemming akuti ndi yake. Ndafunditsa, ndaviika onse m'beseni langa lakale la nsomba. Kupukuta imodziimodzi, zala mpaka makwinya. Fungo lafika mpaka kutsidya kwa nyanja, ku Sweden.

Gitte walondola fungolo. Waima pakhomo, manja m'chiuno. "Ndiwe chitsiru, ukudziwa?"

"Chitsiru chokongola."

Watenga kansalu, wakhala pambali panga.

Lamulungu, 28 Epulo

Alberte m'diresi loyera. Sindinalire, m'tchalitchimo munali fumbi.

Kunyumba, apongozi sanavule n'komwe jasi. Molunjika patebulo. Anyamula tambula, aloza kuwindo, atembenuza. Anunkhiza. Alberte wandigwira mkono zolimba.

"Viniga," atero.



"Munaika m'makina, eti?"

"Ndinaika, amayi."

Ayang'anabe tambula ija. Akuti m'munsi mwake muli timaluwa tozokota, anali ataiwala. Laimu anakwirira timaluwato kalekale, malemu amuna awo adakali moyo. Apukuta m'maso. Fumbi lomwe lija.

Kenako, osanditembenukira: "Preben, ketulo yanga nayo yayera m'kati. Mubwere Lachiwiri."

Alberte wandisiya mkono, wapita kukadula keke.