Mtengo wa Kuseri kwa Galaja

Lolemba, 3 Febuluwale

Timbale tagalasi mzere patebulo. M'katimo maselo a mtima omwe timalera mu labu muno. Amagunda okha, opanda chifuwa, opanda mwiniwake. Zaka zonsezi sindinazolowerebe.

Lero ndawadonthezera madzi a khungwa lomwe tikufufuza. Maselo odwala, aja ogunda mopunthwapunthwa ngati woledzera, pofika masana anali atayamba kuyendera limodzi. Modekha, ngati amayi ochapa pamwala umodzi. Ndinaiwala kudya. Apulofesa anasuzumira n'kungoti, "Usavine, ng'oma sinalire."

M'chipinda cha maikulosikopu mumazizira, mumanunkha sipiliti. Ndinatsinzina pang'ono. Ndinaona achemwali akukwera masitepe a kwawo osapumira, ndowa kumanja, akuimba.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Kwa achemwali poweruka. Miyendo yatupanso. Ndikadina ndi chala, kadzenje kamatsala. Mapilo mulu kumsana, apo ayi mpweya umakana. Mapilitsi a kuchipatala pawindo. Munthu amene ankandibereka kumsana popita kusukulu, lero kuchoka pabedi kukafika kubafa ndi ulendo.

Koma pakamwa pokha sipadwala. "Wafika dokotala wa timbale. Odwala ako agona bwanji?"

Ndinawaonetsa kanema wa maselo pafoni. Anaonera, n'kubwereza, dzanja lili pachifuwa. Kenaka chithunzi cha masamba a mtengo wa khungwa lija. Alamu, amene ankapukuta girisi m'manja, anaima. "Si uwu uli kuseri kwa galaja yanga uwu? Timadyera pansi pake masana!" Tonse kuseka. Mankhwala a mtima kumangochitira mthunzi amakaniko.

Ndinati ntchitoyi ikadali kutali, pafunika zaka. Ndikukhulupirira kuti ndinanena.

Loweruka, 8 Febuluwale

Kuchapa. Kamvula kowaza, zovala osauma. Tsiku lonse mutu uli kumwamba. Timapilitsi toyera m'kabokosi, mzere wa anthu pafamase, agogo ena akubwerera kwawo wapansi, phazi lopepuka. Dzina la mankhwalawo ndalisintha kangapo, lililonse likumveka ngati dzina la mwana.

Alamu anaimba. "Mlamu, khungwalo mumalitani, mumaphika?" Ine thovu m'manja, foni paphewa: timaumitsa, timapera, makina amasefa. Iwo, "Oo." Basi.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Tawonjezera muyeso. Pang'ono chabe, kadontho pamwamba pa kadontho. Maselo anagunda mwamphamvu, kenaka mothamanga, kenaka kumangonjenjemera. Kenaka zii.

Apulofesa osadabwa n'komwe. "Mankhwala ndi poizoni amafunda bulangete limodzi. Ntchito yathu ndi kupeza pomwe wina wathera." Anapita kukamwa tiyi.

Ine ndinatsala ndi kambale kachete kaja. Kosalala ngati dziwe lopanda mphepo. Kokongola, ndi zomwe zandiopsa.

Funso la alamu lija landibwerera m'basi. Ndiwaimbire. Foni yatha moto, magetsi kulibe. Mawa m'mawa.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Pabenchi la kuchipatala. Ndikulembera pabondo.

Alamu anayamba kuphika khungwa Lamulungu. Kapu imodzi m'mawa, pamwamba pa mapilitsi aja. Achemwali anati akumva kupepuka, mpaka anasesa khonde. Alamu poona choncho anawonjezera. Dzulo m'mawa kusanza, maso kuona zachikasu zokhazokha, kenaka kugwa m'bafa. Foni yanga italowa moto, uthenga woyamba unali umenewo.

Dokotala anafunsa chomwe anamwa. Ndinamuuza zonse, dzina la mtengo, zomwe umachita ku maselo, zomwe ndinaona Lachiwiri. Akuti, "Mwatithandiza mayi, tadziwa pogwira." Kundithokoza ine!

Alamu atatsamira khoma, akadali mu ovololo. "Ndimafuna adzuke, mlamu. Zaka munanena zija iye alibe." Ndinali nditakonza mawu aukali njira yonse. Onse anasungunuka. Tinangokhala pabenchi limodzi, kuyang'ana chitseko.

Kumutu kwa bedi kuli makina, kamzere kobiriwira kakudumpha, kuima, kudumphanso. Ndikukadziwa kagundidwe kameneka. Ndinakaona m'kambale.

Lolemba, 17 Febuluwale

Kamzere kakhazikika. Achemwali atsegula maso, apempha lalanje.

"Ndinali m'munda wachikasu. Mitengo, mbalame, ngakhale iwe, wachikasu. Sizimakukhala." Nesi anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi.

Masana ku labu. Ndawauza apulofesa zonse, osabisa. Anavula magalasi. "Kuyambira lero chithunzi sichituluka pakhomo ili." Ndinavomera. Ndili pachitseko anafunsa, "Nanga achemwali anuwo akudya?"

Ndinalowa m'chipinda chozizira chija ndi maganizo osiya ntchito. Timbale tatsopano tinali titafika, tikugunda, osadziwa kanthu. Manja anavala okha magolovesi.

Lamulungu, 2 Malichi

Achemwali anatuluka m'chipatala Lachinayi. Ofooka kuposa kale, mawu ngati akuchokera chipinda china. Koma ali kwawo.

Dzulo alamu adula mtengo uja. Ndinadzera pagalaja. Dzuwa bwalo lonse, amakaniko akudya chilili, nthambi zitaunjikidwa pafupi ndi matayala akutha. Pachitsa utomoni ukuchucha pang'onopang'ono. Misozi! Kuchipatala konse kuja sindinalire, ndadzalirira mtengo pamaso pa anthu.

Lero pakhonde, ndikuwapesa achemwali tsitsi. Lapyapyala, imvi zachuluka pamwamba pa khutu. Kamphepo, fungo la mafuta odzola. Ankaodzera, ine ndimvekere agona.

"Uwauze alamu ako asazule chitsa. Mtengo walakwanji? Ife ndi amene tinadya zosapsa."

Ndinati ndiwauza.

"Ine timapilitsi takoto sindidzamwa, ndikudziwa, usandinamize. Koma matendawa anatenga amayi, anatenga azakhali, pano ali pa ine. Iwe unabadwa m'mimba ina? Fulumira nazo, mng'ono wanga."

Chipeso chinaima m'manja. Tsiku lililonse ndimayang'ana mitima ya m'timbale, mtima wa achemwali, mitima ya anthu omwe sindidzawaona. Wangawu wokha ayi.

Panopa ndili pabedi langa, dzuwa likulowera pawindo. Ndaika zala ziwiri pamkono. Ulipo. Ukugunda bwinobwino, ndikuganiza. Tadikira, apa ngati wadumpha, kapena ndi chala changa