Dzanja Lobiriwira pa Chitsulo Chamoto

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Paja ndinakuuzani kuti ndapata ntchito yokongoletsa nyumba yophunzitsiramo ana sayansi. Chikwangwani chapakhomo, zithunzi za m'makoma, zonse ndinajambula ndine. Nzeru ya timanja inalinso yanga: dzanja lobiriwira pa chinthu choti mwana agwire, lofiira pa choopsa. Eni ake anandiombera m'manja, ine n'kumayenda ngati tambala.

Inu mukuwadziwa maso akwathu. Chofiira ndi chobiriwira, kwa inu ndi ine, n'chimodzimodzi. Ndinu munandiphunzitsa kuti wopenta saulula zimenezi, amangolemba dzina la mtundu pa chivundikiro cha chitini. Ndadyera nzeru imeneyo zaka khumi ndi ziwiri.

Tsiku lomaliza ndinali ndi phuma, ndipo ndinasinthanitsa zivundikiro osadziwa. Linali litatsala dzanja limodzi lokha, la pachitsulo chotenthetsera madzi poonetsa ana nthunzi. Ndinapentapo lobiriwira, n'kutsuka maburashi ndikuimba mluzu.

Tsiku lotsegulira, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi kanaika chikhatho chake padzanjalo ndendende, monga tinawauzira ana onse. Kulira kwake sikukundichoka m'makutu. Adokotala akuti zala ziwiri mwina sizidzawongokanso.

Bwana atandifunsa, ndinanama, Malume. Ndinati mphunzitsi woyang'anira chipindacho, mayi wofatsa zedi, ndiye anandiuza kuti pamenepo papite penti wobiriwira. Amuchotsa ntchito. Dzulo ndinakumana naye pageti atanyamula mabuku ake m'katoni. Sananditukwane. Anangondifunsa ngati ndapita kuchipatala kukamuona mwanayo. Ndinasowa poloza maso, chifukwa sindinapite.

Mawa m'mawa ndikaulula zonse. Ndikudziwa kuti zikamveka palibe adzandipatsenso khoma loti ndipente, ndipo mantha ndili nawo osati pang'ono. Chondiwawa koposa n'chakuti nkhani siikhala malo amodzi. Idzafika kumeneko, ndipo anthu amene mumawapentera zikwangwani adzayamba kukuyesani ndi nsalu zamitundumitundu. Poulula za ine ndikuululanso za inu, muukalamba wanu.

Sindikupempha chilolezo, chifukwa mukakana ndipitabe. Ndikupempha kuti ndikadzagogoda pakhomo panu mudzanditsegulire.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze, ndidzawauza ndekha.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Wopenta