Ndinapha Nsomba ya Alendo

Pa 14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndine mlongo wanu wa ku damu, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, ngati munawerenga bwino, poti ine zaka zanga ndimamvera kwa inu. Akundilembera ndi atelala oyandikana nafe. Ndawauza kuti alembe momwe ndikuyankhuliramu, asakongoletse, iyi si diresi.

Moyo ulipo. Mawondo ndiwo akudandaula, koma si nkhani imene ndakulemberani. Ndamva kuti mwana wanga, amene masiku ano tonse timamutchula kuti a Manijala, anakuimbirani foni kuti mundikonzere chipinda kwanuko, ati ndakalamba, mutu wayamba kusokonekera. Musanamuyankhe, imvaniko kaye mbali yanga.

Mukukumbukira mmene panalili pano malemu alamu anu ali moyo. Kakhitchini ka malata, mabenchi pamthunzi, basi. Iwo ankabwereketsa mbedza, ine ndinkaphika. Munthu akawedza ankabwera nazo kwa ine, ndipale mamba, nditumbule, ndikazinge, iye adyere pomwepo akuyang'ana madzi, botolo lake lili pambali. Amene madzi amukana tsiku limenelo sankabwerera ndi njala, chifukwa aliyense ankasiyako imodzi mumphika wa onse. Lamulo langa linali limodzi lokha: nsomba isaphiriphithe m'dengu. Ikangotuluka m'madzi, kuimenya kamodzi pamutu, yapuma. Kuisiya ikuvutika ndi mpweya umene si wake ndi nkhanza, ndipo ikafa motero sikoma.

A Manijala atabwerako ku tauni anagwetsa kakhitchini kaja, n'kumanga bala ya magalasi, maambulera panja, mipando ya pulasitiki. Sindinganame, pakongola. Loweruka magalimoto amafika mpaka kumsewu. Ena amakwera phiri, ena amapalasa njinga kuzungulira damu popanda kumene akupita, ena amangomwa. Akuphika ndi apongozi anga, akazi a Manijala, ndipo nsomba zawo zimabwera pa lole, zouma gwa ndi ayezi ngati njerwa. Damu lili apa, nsomba ikubwera pa lole. Chifukwa chake ndi lamulo latsopano: ukawedza, uinyamule, akujambule, uibwezere m'madzi. Ndinafunsa kuti nanga mukuiboolera chiyani pakamwa? Anati ndi masewera, amayi. Ndinati masewera a ndani, poti nsombayo sindinaionepo ikuseka.

Anzathu akale anasiya kubwera. Akalipentala aja, amene anatikhomera mabenchi oyamba, anawapeza ndi kansomba m'thumba la jekete, n'kuwaperekeza mpaka pageti ngati mbava. Ine anandipatsa mpando m'mbali mwa madzi, ntchito yanga kupereka moni ndi kugawa nyambo. Alendo ankandijambula nanenso. Kusiyana kwake, ine sankandiponya m'madzi akamaliza.

Tsono m'damumo munali nsomba imodzi yaikulu, yokalamba, yotalika ngati mwana woyamba sukulu. Alendo anaipatsa dzina, Bwanamkubwa. Chithunzi chake chili pakhoma la bala. Anthu ankachokera kutali kudzaiyesa, ndipo woigwira ankamwa ulere tsiku lonse. Inagwidwapo kambirimbiri. Ine ndinkaiona akaitulutsa, mlomo wake uli ngati nsanza, diso limodzi litayera.

Loweruka lina inakodwa pa mbedza ya bambo wina, dokotala wa mano, wonenepa, wansangala ndithu. Analimbana nayo mpaka malaya kunyowa, n'kuikokera paudzu pafupi ndi mpando wanga. Wantchito amene amathandiza zimenezi anali akutsitsa makireti. Bamboyo anasisita m'matumba, foni palibe, waisiya m'galimoto. Anati, "Agogo, tandigwirireniko, isathawe," n'kuthamanga, mimba ili patsogolo.

Ndinagwada, achimwene, ndi mawondo omwewa. Nsomba ija inali ikutsegula pakamwa n'kutseka, ikutsegula n'kutseka, mbedza italowa pomwe panali bala lakale. Galimoto inali kutali. Pambali panali chidutswa cha nkhafi yothyoka. Kamodzi pamutu.

Bambo uja atabwerera anaima chilili, foni ili m'manja. Anthu anatuluka mu bala ndi matambula awo. Mayi wina analira misozi yeniyeni, yoti pamaliro a alamu anu sindinaione yotero. A Manijala sanakuwe. Anandigwira pamkono bwinobwino, ngati dzira, n'kuuza alendo kuti, "Pepani, ndi ukalamba."

Kuseri anandifunsa kuti ndachitiranji. Ndinaona nkhope yake, ndinachita mantha, osati kuti andimenya, koma anaoneka ngati mmene ankaonekera ali mwana akadwala. Ndiye ndinati ndinaiwala lamulo, dzanja linangochita lokha mwachizolowezi. Ndinkati ndimupepuze mtima. Anangoti, "Amayi, mwapha chimene chimatidyetsa."

Apa atelala aima, akundifunsa ngati alembedi zotsatirazi. Ndati lembani. Achimwene, sindinaiwale. Lamulo ndinkalidziwa, dzina la nsombayo ndinkalidziwa, chithunzi ndinkachiona tsiku ndi tsiku. Ndinayang'ana ku galimoto, ndinayang'ana nkhafi, ndinaganiza, kenako ndinamenya. Tsopano onani dzenje limene ndadzikumbira. Bodza langa lomwelo ndilo akunditumizira nalo kwanu, ati amayi ayamba kuiwala, mawa adzakankhira mwana wa mlendo m'madzi. Ndikanena zoona, adzati ndinachita dala kuti ndimugwetsere ntchito yake. Uku kuli moto, uku kuli moto.

Sindikuti mwanayo ndi woipa. Adzukulu anga akuphunzira chifukwa cha bala imeneyi, denga langa silidonthanso chifukwa cha iye. Loweruka lotsatira magalimoto anachepa, ndinaona ndi maso angawa, ndipo sindinagone bwino. Koma chimene chikundiwawa ndi ichi. Ndinapempha kuti poti yafa yafa, ndiiphike, tiitane akalipentala ndi anzawo, ingakhale yolimba bwanji ine ndidziwa pofewetsera. Apongozi anga anati m'khitchini mwawo simulowa. Anaikwirira kuseri kwa zimbudzi, alendo atazungulira, wina n'kuthira mowa padothi. Nyama yokwana anthu onse a m'mbali mwa damu, kudyetsa nyerere. Ine amene ndinaipumitsa ndine wankhanza, iwo amene ankaing'amba mlomo chaka ndi chaka ndiwo achifundo.

Mpando wanga anauchotsa kumadzi. Pano uli kuseri, pakati pa makireti opanda kanthu ndi thanki. Mpeni sandipatsa, ngakhale wosendera anyezi. Ndikapempha machesi, apongozi amabwera kudzandiyatsira okha, akundiyankhula mokweza ndi pang'onopang'ono ngati ndinagontha. Amandifunsa kuti lero ndi lachingati. Ndikayankha molondola amati, "Aa, lero muli bwino agogo." Madzi ndimangowamva kununkhira madzulo mphepo ikatembenuka.

Pempho langa ndi lakuti mukane. Si kuti ndikunyoza nyumba yanu. Koma kwanuko ndikakhala munthu wodikira kuitanidwa kuti chakudya chapsa, ine amene ndadyetsa anthu kuyambira ndili ndi mano onse. Kuno ngakhale andiike kuseri, ndikudziwa kuti mkwiyo wa mwana umatha, ndinamubereka ndine. Mpando ungathe kubwerera pamalo pake. Koma ndikangokwera basi, chipinda changa adzaikamo mabedi a alendo sabata yomweyo, apongozi anayeza kale zenera ndikuona. Inu ndinu amalume ake, amakumverani. Muuzeni kuti mlongo wanu m'mutu ali bwinobwino, chouma ndi mtima, ndipo mtimawo munayamba kulimbana nawo ndinu tili ana. Zimene ndaululazi musamuuze. Kapena muuzeni, ngati mukuona kuti mwana angasankhe kukhala ndi mayi wamakani kusiyana ndi mayi wozerezeka. Ine pamenepo nzeru zandithera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga. Ndamva kuti achapa kale bulangete, muwathokoze, koma alipinde kaye. Moni kwa ana ndi adzukulu, asaiwale kuti ali ndi azakhali. Atelala akuti moni. Moni wa a Manijala palibe, sakudziwa kuti ndalemba.

Mundiyankhe pakalata, kudzera kwa atelala, osati pafoni ya mwanayu. Ngati munavomera kale, musandizungulire, nenani. Mukati bwera, ndimanga katundu wanga ndekha, sindidzagwira chitseko pamaso pa alendo. Koma ndimve kwa inu, achimwene, ndisadzangoona chikwama changa chili pakhonde.

Ndine mlongo wanu,
wa ku damu.